Tsiku Limene Tinamuimiritsa Pagulu

Senderani kuno, chinangwacho musenda bwino, mumve zimene tinachita ine ndi anzanga. Mpaka lero ndikazikumbukira chakudya chimandikanika.

Kuno ku Nkhudzi tili ndi gulu lojambula mawu pafoni. Munthu umayankhula monga umayankhulira kwanu: mayina a nsomba, a mphepo, kaitanidwe ka pamsika. Mawuwo amasungidwa poyera kuti aliyense wofuna atenge, ngakhale aja opanga makina omva Chichewa. Mwini wake palibe. Ine kusukulu sindinapondeko, koma pakamwa ndili napo, ndiye ndinalowa.

Malamulo athu anajambulidwanso ndi mawu kuti ife osawerenga tizimva. Osanyoza mnzako. Wonyozedwa auze akomiti kumbali, ndipo dzina lake lisatuluke. Wolakwa achenjezedwe, akabwereza apumitsidwe. Akomitiwo tinalipo atatu: ine, mayi wina wosoka zovala, ndi wapampando, bambo wogwira ntchito kuhotela ku Makokola.

M'gulumo munali mtsikana wa Chiyao, wogulitsa usipa kumsika wa Mangochi. Munalinso aphunzitsi opuma ntchito, amene ankamvetsera zojambulidwazo n'kumavomereza kapena kukana. Za mtsikanayo ankakana pafupifupi zonse. Kenako anayamba kumutumizira mauthenga kumbali, kumuyeseza kayankhulidwe kake, amvekere: "Bwerera kumsika, kuno sitigula usipa."

Mtsikanayo anandipeza pathandala ndikutembenuza nsomba. Anandimvetsa mauthengawo pafoni yake.

"Anganga, musatchule dzina langa. Amuna anga akamva andilanda foniyi."

"Dzina lako lithera m'komiti," ndinamulonjeza.

Titakumana atatufe, wapampando anakanda mutu.

"Agogo, amenewo anandiphunzitsa ine sitandade faifi. Ndikawachenjeza ndi pakamwa pati? Komanso akakwiya, ntchito yomvetserayi agwira ndani? Kwathu kuno mlandu saweruza mbali imodzi. Akhale pansi onse awiri, agwirane chanza, zithe."

Mtima unandiuza kuti ayi. Koma chibadwire changa milandu ndaiona ikutha choncho, ndiye ndinangovomera.

Loweruka gulu lonse linakhala pamabenchi. Wapampando anamutchula dzina mtsikana uja, n'kumuimiritsa. Iye sanayang'ane aphunzitsiwo. Anayang'ana ine.

"Aa, mwana wanga, ndimangocheza," anatero aphunzitsi. "Kodi kwanuko simuseka? Kapena nakonso kuseka mumaseka m'Chiyao?"

Anthu anaseka. Mtsikanayo ananyonyomala, n'kupereka chanza atagwira chigongono, ngati wolakwa ndi iyeyo. Anthu anawomba m'manja. Manja angawa, awa mukuwaonawa, anawomba nawo.

Loweruka linalo pamalo pa mtsikana uja panalibe munthu. Nkhani inali itafika kale kwa amuna ake, yoyenda ndi akabaza.

Ndinaimirira osakweza dzanja.

"Bambo wapampando, tatsegulani malamulo aja, tonse timve."

"Agogo, nkhani imeneyo inatha."

"Inathera ndani? Tsegulani."

Anatsegula. Mawu ake omwe ndi amene anatuluka m'fonimo: dzina la wodandaula lisatuluke. Ndinati abwereze. Anabwereza.

"Ine sindiwerenga," ndinatero, "koma izi ndazimva. Nanga inu owerenga munamva chiyani? Munkaopa kutaya munthu. Mwamutayabe munthu, kungoti munasankha amene sangakukalipireni. Anabwera kudzabisala kwa ife, ife n'kumuyanika ngati usipa. Ndipo musandiyang'ane ngati woyera, ndinawomba nawo m'manja."

"Mayi, lemekezani akuluakulu," anatero aphunzitsi.

"Ndinakuonani muli kumsana, inu. Khalani pansi."

Mayi wosoka anaima kumbali yanga, tinakhala awiri mwa akomiti atatu. Poti aphunzitsiwo ananyozanso pamaso pa tonse, tinawapumitsa mpaka mvula. Tinagwirizananso kuti wodandaula asadzaimiritsidwenso pagulu, ngakhale wolakwayo akhale ndani.

Aphunzitsi anabwerera mvula itagwa. Ntchito amagwira mwakachetechete, koma ine sandipatsa moni. Wapampando anatula udindo, akuti kuhotela ntchito yachuluka. Mayi wosoka ndi amene akutsogolera tsopano. Mtsikana uja sanabwerere. Ndinakwera minibasi kukamupepesa kumsika. Anandiyalira thumba kuti ndikhalepo, anandipatsa usipa wodzadza manja awiri, koma za gulu anangoti, "Anganga, zisiyeni." Mawu amene anajambula adakalimo, anthu akutali akumamvetsera. Ine ndidakali m'komiti, ndipo munthu akandinong'oneza dandaulo lake, dzina sindiuza ngakhale anzanga a m'komitimo.