Nyumba ya ku Chipata Inamangidwa ku Chezi

Alamu anga a Elifala ndi mmisiri womanga nyumba wa ku Msakambewa, munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, amene amayenda ndi levulo, choyezera kuongoka kwa khoma, m'chikwama ngakhale popita ku tchalitchi. Anakwatira mlongo wanga Loyce, ndiye ine ndili ndi ufulu wowanyoza mmene ndingafunire, ndipo ufulu umenewu sindiulola kuchita dzimbiri. Amanga masitolo ku Mponela, amanga nyumba za aphunzitsi mpaka ku Ntchisi, koma eni akewo amagona m'nyumba yaudzu. Ndikawafunsa amangoti, "Alamu, malata sathawa." Koma lero zonyoza ndaziika pambali. Munthu ameneyu anagula nyumba ku Zambia popanda ndalama yake ndi imodzi yomwe kuoloka malire, ndipo ine ndimamunyadira mpaka anthu amatopa nane.

A Elifala ali ndi mlongo mmodzi yekha, a Manesi, amene anakwatiwa ku Chipata kalekale. Amuna awo atamwalira, anatsala ndi ana atatu m'kanyumba ka lendi, n'kumagulitsa kaunjika pamsika. Chaka china, nthawi yokolola, mwini nyumba uja anaganiza zoigulitsa. Poti a Manesi anali atakhalamo nthawi yaitali, anawauza kuti awadikira mpaka Khirisimasi, ikadutsa agulitsa kwa wina. Kubwerera kumudzi kunali kosatheka. Munda wa mayi awo unagawidwa kale, ana anali pasukulu, ndipo wamkulu, Priscilla, anali atangoyamba kuphunzira unamwino. Kwathu kuno mwamuna ndiye mwini mbumba. Ana a mlongo wako akagona panja, manyazi ndi ako, kaya ali kutali bwanji.

Alamu anali ndi ndalama zimene ankasungira malata aja osathawa aja. Anawonjezerapo za fodya wa chaka chimenecho, n'kugulitsanso ng'ombe zonse ziwiri za pangolo. Loyce anakwiya osawalankhula bwinobwino kwa masiku angapo, kenako ndi iye yemwe anawasokera thumba m'kati mwa jekete. Zonse pamodzi zinali zokwanira ndithu kugula kanyumbako, zikanasinthidwa nthawi yomweyo kukhala kwacha ya ku Zambia.

Anapita ku banki ina ku Lilongwe. Kumeneko anawalandira mwaulemu, n'kuwauza kuti ndalama zakunja zikusowa, adikire. Ali mkati modikira, wailesi inalengeza kuti kwacha yathu yagwa. Anathamangira ku malire a Mchinji, kwa anyamata osintha ndalama aja. Wina anadinadina pafoni n'kuwaonetsa nambala. Anapita kwa wachiwiri, wachitatu, zomwezo. Ndalama zija zinali zomwe zija m'jekete, palibe anabapo, koma tsopano zikanagula chipinda chimodzi ndi khonde basi. Alamu amati anangokhala pansi m'mbali mwa msewu, chikwama pamiyendo.

Pafupi nawo panali bambo wina akukalipa pafoni, ndipo anamumva akutchula Chezi, dera la kufupi ndi kwathu. Atamaliza anapatsana moni. Anali Alexio, dalaivala wa lole, kwawo ku Chezi koma wokhala ku Chipata. Iye anabwera kudzasintha ndalama za ku Zambia kuti atumize kumudzi, mtima ukuwawa. Zaka ndi zaka wakhala akutumiza ndalama zomangira mayi ake nyumba, achimwene ake n'kumadya. Chimene chinalipo ndi maziko okha, nawonso atamera udzu.

Munthu wina akanati pepani n'kudutsa. Alamu anafunsa kuti, "Mazikowo ndi a zipinda zingati?"

Anakambirana pomwepo mpaka anamvana. A Elifala amange nyumba ya mayi a Alexio ndi ndalama zawo za kuno ndi manja awo, ndipo Alexio azilipira mwini nyumba wa a Manesi ku Chipata ndi ndalama zake za kumeneko. Khoma likafika pawindo alipire gawo loyamba, denga likatha amalize zotsalazo. Anyamata osintha ndalama aja sanadyepo kanthu.

Atabwera kudzandiuza, ine ndinapsa mtima. "Alamu, mutu wanu ukuyenda bwino? Munthu mwakumana naye pamsewu, mukamumangire nyumba? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akakuthawani mudzanyamula khomalo pamutu?"

"Ndadzera ku Chezi, ndawaona mayi ake," anandiyankha choncho basi.

Tsiku lotsatira anali kale ku Mponela kugula malata, simenti ndi misomali, mitengo isanakwerenso. Malata amene Loyce anawalota zaka zonsezi anadutsa pakhomo pake pagalimoto, ulendo wa ku Chezi. Mlongo wangayo anangolowa m'nyumba.

Mayi a Alexio ndi a Esitere, ogulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Chezi, mayi wapakamwa pakuthwa amene ngakhale makondakitala amamuopa. Poyamba sanawakhulupirire alamu. Ankawerenga matumba a simenti m'mawa ndi madzulo, poti anali atapsa kale ndi ana awo. Koma ataona munthu akugwetsa mzere wathunthu wa njerwa umene wamanga yekha chifukwa levulo wakana, analeka kuwerenga n'kuyamba kumubweretsera mbatata yowotcha. Alamu anamanga chilimwe chonse paphiri pamene panali maziko aja, madzi akutunga kudambo panjinga. Khoma litafika pawindo, Alexio analipiradi, ndipo a Manesi anaimba foni akuseka. Ine ndinachepetsako pakamwa.

Denga linakhomedwa mitambo itayamba kusonkhana. Inali nyumba yokongola, ya zipinda zitatu, ngodya zake zoongoka ngati zojambula. Alamu anamuimbira Alexio kuti amalize gawo lotsala lija, lomwe linali lalikulu. Foni sinkapezeka. Mawa lake chimodzimodzi, sabata yotsatira chimodzimodzi. A Manesi anapita kumene Alexio ankakhala, anthu anawauza kuti anasamuka. Mwini nyumba anayamba kubwera ndi anthu odzaona nyumbayo, akulowa mpaka kuchipinda ana akudya.

Tonse tinawauza alamu chinthu chimodzi: akhome loko, makiyi aike m'thumba, Alexio akafuna nyumba abwere ndi ndalama. Ine ndinafika powalonjeza kuti ndikathandiza kuzula malata. Anatimvetsera tonse mwaulemu, kenako anakwera njinga kupita ku Chezi n'kukapereka makiyi kwa a Esitere.

"Mayi, ntchito ndatha. Nyumba ndi yanu, lowani mvula isanakunyowetseni."

"Mwana wanga walipira?" anafunsa a Esitere.

"Sanamalize."

Mayiwo anatenga makiyi aja, kuwamangirira pachingwe, n'kuvala m'khosi. "Ine ndikagone pansi pa malata mlongo wanu akutulutsidwa katundu? Ndine wosauka, a Elifala, koma sindine wakuba. Ndidzalowa tsiku limene iye adzagone m'nyumba yakeyake."

Mvula inagwa, ndipo mvula ya m'mapiri athu ano mukuidziwa. A Esitere anakhalabe m'kanyumba kawo kodontha, mabeseni ali mbwee pansi, nyumba yatsopano ili pomwepo yotseka. Ana awo anawanyengerera, abusa anawanyengerera, iwo ayi. Pamsika, lole iliyonse ikaima, ankapita pawindo la dalaivala atagwira makiyi aja. "Mukamuona Alexio wa ku Chipata, mukamuuze kuti mayi ake akuvumbwa pakhomo pa nyumba ya malata chifukwa cha iye." Madalaivala nkhani sasunga. Mawu aja anafika ku Lilongwe, anafika ku Mchinji, anaoloka malire opanda chiphaso.

Alexio anaimba yekha. Sanali wakuba ayi: ntchito inali itamuthera, ndipo manyazi ndiwo anamubisa. Koma kulikonse kumene amapita kukafunsa ntchito ankamulonjera kuti, "Ndinu aja mayi anu akuvumbwa aja?" Anagulitsa njinga yake yamoto ndi firiji, anzake a pamsewu anasonkhako, ndipo Khirisimasi isanakwane anamaliza kulipira. Nyumba ya ku Chipata ija inalembedwa m'dzina la Priscilla, poti iye ndi mbadwa ya komweko. Tsiku lomwelo a Esitere anavula chingwe m'khosi n'kutsekula chitseko, akutsokomola chifuwa cha mvula ija, koma akukalipira aliyense wolowa ndi matope.

Alamu foni yawo ndi yamabatani, ndiye chithunzi chinabwera pa yanga. Ndinawapeza akusoka udzu padenga lawo, pamene panayamba kudontha. Anatsika, anapukuta manja, n'kuyang'ana. Panali a Manesi ndi ana atatu aja ataima pakhonde la kanyumba kobiriwira, Priscilla atakweza mapepala m'mwamba. Loyce anasuzumira paphewa pawo, ndipo ndi iye anayamba kulira. Ine ndinkadikira kuti munthuyu lero alankhule mawu aakulu, poti ng'ombe zinapita, malata anapita, chaka chonse chinapita.

Anayang'ana nthawi yaitali, maso atafiira. Kenako anandipempha kuti ndikulitse chithunzicho cha pakhomo.

"Alamu," anatero, "chitsekochi chapendama."

Chaka chatsopano chitangolowa anakatenga chiphaso cha pamalire, n'kunyamuka ndi levulo wawo m'chikwama.