Mayi Amene Ndinawagwetsa M'matope

Ku Misuku ndinafika ndi sutikesi imodzi, jekete yakuda, ndi matama oti sakanakwana m'thumba la chimanga. Boma linanditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina pamwamba pa mapiri, ine mwana wa ku Thyolo, ndipo pokwera galimoto ku Chitipa boma ndinkadziona ngati ndikupita kukatsegula anthu m'maso. Kuwonjezera pa uphunzitsi ndinkadzitchanso mlembi. Nkhani zanga zinali zazifupi, zachikhristu, ndipo m'nkhani iliyonse munkakhala munthu wodzikuza amene Mulungu ankamutsitsa pamapeto. Palibe imene inasindikizidwapo, koma mmene ndinkazinenera mukanati zili m'masitolo onse.

Anthu anandilandira bwino, ndisaname. Ana asukulu, aphunzitsi anzanga, ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, onse akandiona ankasiya chilankhulo chawo n'kundipatsa moni wa Chichewa: "Mwadzuka bwanji aphunzitsi?" Ine ndinkangoti ndi mmene ziyenera kukhalira. Chisukwa chimene ankalankhulana okhaokha sindinkachitchera khutu n'komwe. Chinkangondidutsa ngati mvula padenga la malata.

Lamulungu loyamba ndinavala jekete ija n'kukakhala pabenchi ya kutsogolo kuti andione bwino. Mapemphero anali m'Chitumbuka chosakaniza ndi Chisukwa. Chitunda chokwera popita kutchalitchiko chinali chitandithyola miyendo, kunja kukuwaza kamvula, mlaliki nayenso osafuna kumaliza. Abale, tulo tilibe ulemu. Ndinadzidzimuka nyimbo yotsekera ili pakati, dovu lili patayi.

Potuluka, mayi ena anaima patsogolo panga pakhomo penipeni. Anali aatali, a mpango wofiira kumutu, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti ndi mlimi wa khofi wa kumtunda, kufupi ndi nkhalango ya Mughese. Anandiyang'ana m'maso n'kunena mokweza, anthu onse akumva: "Mwaghona!"

Ine ndinamva kuti "mwagona". Inde, kugona ndinagonadi, koma n'zolengeza pakhomo la tchalitchi zimenezo? Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Ndinadutsa osawayankha.

Sabata yotsatira ndinamwa khofi wowawa ngati mankhwala a malungo, ndipo ulaliki wonse ndinkadzitsina pantchafu, maso ali tong'o. Sindinaphethire. Potuluka, mayi aja ali pomwepo, akumwetulira: "Mwaghona!" Ha! Tsiku lina ndinakumana nawo m'kanjira ka kumsika, dzuwa lili pamutu, ine ndikuyenda ndi miyendo yanga iwiri, iwo n'kubwerezanso mawu omwewo. Apa ndinati ayi, mayiwa andizolowera. Kufunsa mnzanga kuti kodi akutanthauzanji sindikanatha, chifukwa kufunsako kukanakhala kuvomera kuti ndinagona m'tchalitchi.

Akulu a mpingo atamva kuti ndine mlembi, ndipo anamva kwa ine ndemwe, anandipempha kuti ndidzawerenge nkhani pa Lamulungu la achinyamata. Ndinati zikomo Ambuye, mwandipatsa mpata. Ndinalemba za mayi wodziyesa wolungama, wokonda kuona zolakwa za anzake, amene ankanyoza mlendo tsiku lililonse. Ndinamuveka mpango wofiira. Ndinamupatsa munda wa khofi. Mayi aja ankatsimphina pang'ono mwendo wakumanzere, ndipo nazonso ndinaziikamo, Mulungu andikhululukire. Pamapeto pa nkhaniyo mayi wonyadayo ankaterereka n'kugwera m'matope chafufumimba, ndipo womudzutsa anali mlendo yemwe uja, mnyamata wooneka bwino, wodekha, wa jekete yakuda. Mlendoyo ankamukhululukira. Phunziro lake linali chisomo, ndipo wopereka chisomocho munamudziwa kale.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza. Pambali panga panaima mkulu wina wa mpingo, bambo wofatsa, woti azimasulira m'Chisukwa chifukwa cha achikulire. Mayi aja anali pamzere wachitatu, mpango wawo uli psuu. Ndinayamba ndi mawu a pawailesi, ndikuima pang'ono kuti omasulira anditsatire. Nditafika pamene mayi wa m'nkhaniyo akunyoza mlendo, ndinakweza mawu, ndinaloza chala, n'kufuula mwaukali wonse: "Mwagona!"

Tchalitchi chonse chinayankha pamodzi, mwansangala: "Eee, mwaghona!"

Ndinayang'ana omasulira aja. Iwo anandiyandikira n'kundinong'oneza: "Aphunzitsi, umenewo ndi moni wathu kuno. Akubwezerani moni."

"Moni?"

"Eya. Ngati mmene inu mumati mwadzuka bwanji."

Masabata onsewo mayiwa ankangondipatsa moni, ine n'kumawadutsa ngati chitsa. Ndipo m'manja mwanga munali masamba ena awiri owatukwana pamaso pa mpingo wawo, ana awo ndi anzawo olima nawo khofi.

Munthu wanzeru akanapinda pepalalo n'kuyambitsa nyimbo. Ine mutu unaima. Ndinaopa kuti ndikasiyira panjira anthu ati mlembi uja walephera, ndiye ndinapitiriza, taonani uchitsiru. Ndinangonong'oneza omasulira aja kuti, "Bambo, chonde, muzidumpha zina." Anandimvetsa. Ine ndikawerenga ndime yathunthu ya mpango ndi kutsimphina, iwo ankanena mawu atatu okha n'kukhala chete. Mawu anga a pawailesi aja anasanduka a udzudzu. Koma achinyamata Chichewa amachimva. Ndinawaona akugundana ndi zigongono, akutembenukira kumzere wachitatu, ena akubisa kuseka m'manja. Pofika pa matope paja mtsikana wina analephera kudzigwira, anaseka mokweza.

Chimene ndinkadzitonthoza nacho chinali chimodzi. Mayiwa sindinawamvepo akulankhula Chichewa ngakhale liwu limodzi. Ndinati mumtima, mayi a kumudzi ngati awa sanamve kanthu, ndipo omasulira andibisira.

Titaweruka ndinafuna kuzemba cha kuseri, koma khomo linali limodzi. Mayi aja anali akundidikira pomwepo.

"Aphunzitsi," anatero, m'Chichewa chosalala ngati cha azakhali anga, "nkhani yanu ndaimva yonse. Ine ku Mulanje ndinakhalako zaka zambiri, bambo a kunyumba akugwira ntchito kuminda ya tiyi. Ana anga awiri anabadwira komweko."

Chimene chinatuluka pakamwa panga chinali funso lopusa: "Nanga mayi, bwanji simunkandilankhula m'Chichewa?"

"Chichewa timapatsa alendo odutsa," anayankha. "Kumwera kuja ine ndinali mlendo mpaka tsiku lobwerera. Ndimadziwa mmene zimawawira. Ndinati mwana uyu wachokera kutali, ndimupatse moni wa pakhomo, adziwe kuti wafika kwawo."

Sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Akanandilalatira bwenzi ndikupeza podzikanira. Kenako anafunsa motsitsa: "Za mpango ndi khofi zilibe kanthu. Koma za mwendo wangawu zinafunikadi kulowamo? Ndinagwa ndili ndi pakati, ndikutsika ndi dengu la khofi."

Ndinali ndi manyazi oti sindinawamvepo chibadwire. Maso awo anali atafiira, ndipo ndinadziwa kuti ndawalasa penipeni, munthu amene sanandilakwire kalikonse. Kumbuyo kwawo anthu anali ataima m'timagulu, osapita kwawo. Amuna ena nkhope zinali zitakwinyika, ndipo mwana wawo wamwamuna, chimunthu chachitali kuposa ine, ankandiyang'ana moti ndinayamba kuganiza zopempha kusamutsidwa.

Mayi aja anatembenuka, anawaona onsewo, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anandigwira pamkono.

"Tiyeni titsikire limodzi," anatero. "Mukatsika nokha anthuwa sakusiyani, ndipo mawa ana awo sabwera m'kalasi mwanu. Aone kuti palibe mlandu."

"Mayi, ine sindikuyenera..."

"Ndani wanena kuti mukuyenera? Tiyeni."

Tinadutsa pakati pa anthu onse aja, iwo atandikoloweka mkono, ndipo tinatsika chitunda chonse pang'onopang'ono. Aliyense amene tinakumana naye ankamuimitsa n'kumuuza kuti awa ndi aphunzitsi athu atsopano, muziwasamala. Ine ndinkangogwedeza mutu, mamina ndi misozi zili mbwee, bambo wamkulu ndevu pepeya, ndipo mpango wopukutira ndinali nditauiwala kunyumba.