Amayi Apita ku Tchalitchi pa Wilibala

Tchalitchi chathu cha ku Kanyama chinalibe gitala kapena limba. Chinali ndi malata odontha, mabenchi a matabwa, ndi amayi anga. Iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo. Mlaliki akatchula nyimbo, mpingo wonse unkakhala chete mpaka amayi atakweza mawu oyamba, kenako ena onse n'kulandira. Palibe amene anawasankha. Kungoti chichokereni kwathu ku Katete ali mtsikana sankajomba Lamulungu, ndiye anthu anazolowera kudikira mawu ochokera pabenchi la pafupi ndi windo losweka.

Ine ndinkawaseka. Mvula ikadzaza Kanyama, madzi n'kufika m'mawondo, iwo ankaika nsapato m'pepala lapulasitiki, kukwinya chitenje, n'kumadutsa m'madzimo nkhope ili gwa. Ndinkawauza kuti Mulungu amamva ngakhale munthu atapempherera pampando kunyumba. Ankavomera kuti amamvadi, koma n'kundifunsa kuti nanga nyimbo ayambitse ndani.

Sitiroko inawagwetsa akuchapa panja. Tinabwera nawo kuchokera kuchipatala dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, ndipo choopsa kuposa zonse, mawu atapita. Mayi amene akandikalipira anthu a mumsewu wachiwiri ankamva, tsopano ankalephera kupempha madzi akumwa. Ankangogwedeza milomo, misozi n'kumatsika. Adokotala anati mawu akhoza kubwerera kapena ayi. Ndinasiya kugulitsa zovala zakale za salaula kumsika kuti ndiziwasamalira, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawanyengerera kuti anditchule dzina. Sindinkapempha kuti ayende. Ndinkangofuna kuwamvanso.

Kumpingo kwathu munthu akasowa pabenchi, azimayi a mumpingo amadzamuzonda mapemphero akatha, asanakavule n'komwe zovala za kutchalitchi. Ankabwera mlungu ndi mlungu, n'kumadandaula kuti nyimbo zasokonekera. Akuti bambo wina ankayesa kuyambitsa, koma ankayambira pamwamba kwambiri moti pofika pakati anthu onse ankangolira ngati anapiye. Amayi ankamvetsera maso ali mwaa.

Lamulungu lina mvula ili pachimake, ndinamva phokoso la tayala pakhomo. Anali mnzawo wa amayi, mayi wamtali wochokera ku Kitwe amene ankagulitsa tinsomba ta kapenta, ali ndi anzake. Anali atabwereka wilibala kwa wogulitsa makala, kuitsuka bwinobwino, n'kuyalamo pilo ndi zitenje.

"Lelo tabwela kubatenga," anatero. "Malo yabo yalipo, palibe wamene ankalapo."

Ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati amayi anga si thumba la makala loti lizikankhidwa anthu akuonerera. Ndikulankhula choncho ndinacheuka, ndipo ndinapeza amayi akulimbana ndi duku, akuyesa kuimanga ndi dzanja limodzi lamoyo lija. Ndinawamanga dukuyo, n'kuika nsapato zawo m'pepala.

Ulendowo unali wa thukuta. Tayala linkatitimira, azimayi aja n'kumanyamula wilibala yonse pamadzi akuya, ana akutilondola pambuyo. Titafika tinawakhazika pafupi ndi windo losweka lija, pomwe panalidi mpata wa munthu mmodzi ngakhale kuti benchi linali lothithikana.

Mlaliki anatchula nyimbo. Bambo woyambira pamwamba uja sanatsegule pakamwa. Mitu yonse inatembenukira kuwindo, monga inkachitira kale. Ine mtima unandipsa. Ndinaona ngati nkhanza kudikira mawu kwa munthu amene alibe mawu, ndipo ndinatsala pang'ono kuimirira kuti ndiwakalipire onsewo. M'tchalitchi munangoti zii, kumangomveka madzi akudonthera m'beseni kutsogolo.

Kenako pambali panga panatuluka kamawu kosasa, konjenjemera, ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa. Kanakhazikika. Ndiye anabwera mawu enieni, omveka, lililonse pamalo pake, mzere wonse woyamba wa nyimboyo. Mpingo sunafulumire kulandira. Unawasiya amalize okha, kenako unalowa wonse pamodzi mpaka malata ananthunthumira. Ndinachita mantha, mantha enieni, oti pano pali Wina amene sindikumuona koma wakhala nafe pabenchi. Sindinaimbe. Ndinkangoyang'ana pakamwa pa amayi popotoka paja pakutulutsa vesi ndi vesi osaphonya.

Patapita nthawi namwino wina anandiuza kuti zimachitika, nyimbo zimene munthu waimba kwa zaka zambiri zimakhala pena pake m'mutu pamene matenda safikapo. Sindinatsutse. Koma ndinkadziwa kuti nyimbozo sizinalowemo zokha. Zinalowa Lamulungu ndi Lamulungu, m'matope ndi m'fumbi, masiku onse aja ine ndinkawaseka.

Tsiku lomwelo titabwerera kunyumba ndinagwada patsogolo pawo, n'kuwapempha kuti anditchule dzina. Anagwedeza milomo, osatuluka kanthu. Anangondisisita kumutu ndi dzanja lamanzere. Dzina langa sanalitchulenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Zaka zonse zimene anakhalabe ndi moyo, ndikafuna kumva mawu a amayi anga ndinkadikira Lamulungu, n'kulawirira kwa wogulitsa makala kukabwereka wilibala.