Njere za m'matumba a alendo

Ku Ushuaia kuno, mlendo aliyense wofuna kukaona mbalame zotchedwa mapengwini kuzilumba kapena kukwera sitima yopita kumadzi oundana amayamba wadutsa m'manja mwa mayi Eulogia Vilte, ngakhale ambiri sawadziwa n'komwe. Mayiwa amagwira ntchito kuchipinda chakumbuyo kwa sitolo ya bambo Barría, kumene alendo amabwereka majekete ndi jombo. Kumeneko n'kumenenso zikwama, masokosi ndi nsapato zimene mlendo wachokera nazo kwawo zimayeretsedwa asanakwere boti. Lamulo lake n'losavuta: pasatsale njere ngakhale imodzi, kuopa kuti udzu wachilendo ungakamere kumene sukufunika. Chilichonse chopezeka m'matumba ndi m'misoko chimapita m'mbaula.

Monga ambirife, mayi Eulogia si akuno. Anachokera kumpoto kwenikweni, ku Jujuy, ali mtsikana, kudzalumikiza mawailesi akanema kufakitale. Ntchitoyo itatha, amuna awo atamwalira, anapeza malo kwa a Barría, ndipo akhalapo zaka khumi ndi zinayi. Koma musawafunse za mapengwini, sanawaonepo. Phiri lili kuseri kwa nyumba yawo lomweli anali asanalikwerepo. Ankati kuzizira kumawapeza kale pakhomo, ndiye avutikirenji kukakusaka kumwamba.

Vuto la mayi Eulogia linali limodzi: sankatha kuona chinthu osafuna kudziwa kuti n'chiyani. Tsiku lina anatola kanjere kokhala ndi timinga pasokosi ya bambo wina wamtali, n'kutuluka nako kukamufunsa dzina lake. Bamboyo anangokweza mapewa. Zinawapsetsa mtima zimenezo. Munthu wamkulu ndevu pepeya, wanyamula chinthu kuwoloka nacho nyanja ziwiri, osadziwa chimene wanyamula! Kanjereko sikanafike kumbaula. Kanalowa m'thumba la epuloni, madzulo n'kukagona m'chitini cha mapichesi pazenera la kunyumba kwawo.

Kuyambira pamenepo zitini zinangochuluka, mpaka mazenera onse atatu anadzaza. Chitini chilichonse chinali ndi dzina la mwini njere monga iwo anamuonera: Wachifuwa, Mapasa, Mjapani Waulemu, Wosapereka Moni. Zambiri sizinkamera. Zina zinkatulutsa kaudzu kachabechabe. Wosapereka Moni anabereka tomato, ndipo mayiwa anaseka sabata yathunthu. Akaweruka ankakhala pakati pa zitinizo ndi chikho chawo cha tiyi wa yerba, kuyerekeza minda ndi misewu imene anthu aja anapondamo. Kuyenda kwawo kunali komweko, ndipo kunkawakwanira.

Zomera ziwiri zinaposa zonse. China chinali Mjeremani, cha timaluwa tachikasu, chimene chinakula mwamphamvu mpaka anachiwokera panja m'mbali mwa mpanda. Chinacho chinali Wachipewa Chofiira. Njere yake anaipeza m'chikwama cha mayi wina wolankhula chinenero chimene ngakhale a Barría, amene amadzitama kuti amamva zisanu, sanachizindikire. Zaka zitatu chomerachi chinkangotulutsa masamba okhuthala, aubweya, basi. Januwale wa chaka chino, dzuwa likuchedwa kulowa, chinaponya phesi, ndipo pamwamba pake panatuluka kamutu ka duwa kotsekeka. Mayi Eulogia ankakayang'ana m'mawa asanasambe n'komwe. Kodi kadzakhala kofiira ngati chipewa chija? Kabuluu? Mtima unali dyokodyoko.

Ndiye Lachinayi lina kunabwera Yanina, mkazi wa mwana wawo Ramiro. Yanina ndi wobadwira konkuno, amatsogolera alendo m'njira za m'mapiri, ndipo si munthu wozungulira nkhani. Anaika pathebulo kajumbo kokhala ndi chomera chozulidwa, timaluwa tachikasu tili mbwee.

“Amayi, mukumudziwa ameneyu?”

“Aa, Mjeremani uyu. Mwamuzuliranji kumpanda kwanga, mwananga?”

“Sindinamuzule kumpanda kwanu. Ndamupeza kudambo la kumtunda, ulendo wa maola awiri kuchokera pano.”

Anawafotokozera kuti njere zake zili ndi ubweya, ndipo mphepo yathuyi sisowa kuitumiza kawiri. Anati zitini zonse ziyenera kupsa, apo ayi iye akauza oyang'anira nkhalango, chifukwa sangamaphunzitse alendo kupukuta jombo pamene apongozi ake akuweta chipwirikiti pazenera. Mayi Eulogia anakalipa kuti kaduwa sikanaphepo munthu. Kenaka anafewa n'kuyamba kuchonderera. Anati zonse zipse, palibe kanthu, koma Wachipewa Chofiira yekha amusiye sabata imodzi kuti amasule. Yanina sanavomere, sanakanenso. Anangoti Lamlungu akwere limodzi akaone okha.

A Barría atamva kuti mayi Eulogia akufuna kubwereka jekete ndi jombo, anavula magalasi n'kuwafunsa ngati kumwambako kwagwa maliro. Anawasankhira jekete yalalanje yowala, ati kuti akagwera m'chigwembe asavute kuwapeza.

Ulendowo unali wa maola awiri kwa Yanina, koma kwa iwo unakwana anayi. Si miyendo yokha imene inawachedwetsa. Ankaima paliponse. Ndevu zobiriwira zolendewera m'mitengozi n'chiyani? Bwanji mitengo yonse yaweramira mbali imodzi? Tinthu talalanje tomera pakhungwati timadyedwa? Yanina ankayankha, poyamba mwaulesi, kenaka mokondwa, chifukwa alendo ake ambiri amangofunsa pamene angajambulitse. Atatuluka m'nkhalango mayiwa anacheuka n'kuona mzinda wonse uli pansi, doko, sitima zoyera zitandandalika, ndi kadenga kawo kobiriwira. Anadandaula mokweza kuti zaka zonsezi akhala akuveka anthu zovala zokaonera zimenezi, iwo ali gwa kuchipinda chopanda zenera.

Dambolo linawasangalatsa koposa. Pansi panali pofewa ngati matiresi, ndere zofiirira, ndipo atagwada anaona tizomera ting'onoting'ono tosawerengeka, tina ta zipatso zonga mikanda, tina ta masamba omata togwira tizilombo. Yanina anawauza kuti kachigamba kofanana ndi chikhatho kamatenga zaka zambiri kuti kakule. Kenaka anawatsogolera kumphepete, kouma pang'ono.

Kumeneko kunali chikasu chokhachokha, malo okwana bwalo la nyumba. Masamba a Mjeremani anali atayala pansi mothinana, ndipo mayi Eulogia atatukula tsinde limodzi anapeza pansi pake pali dothi lakuda lokha. Tizomera tija tinali titafa tonse. Anachita manyazi kwambiri, ndipo anamva chisoni ngati wapondereza mwana wa mnzake. Anavula magolovesi a a Barría n'kuyamba kuzula, Yanina akutsegula matumba. Anatsika nawo matumba anayi, ndipo Yanina anati adzafunika kubwererako chaka chilichonse kwa nthawi yaitali.

Kunyumba anakoleza mbaula dzuwa likadali pamwamba. Anayamba ndi za kumpanda, kenaka zitini chimodzichimodzi, mayi Eulogia akutchula dzina lililonse ngati aphunzitsi poitana ana. Dothi ankalithira madzi owira. Patatsala chitini chimodzi, Yanina anawagwira mkono. Kamutu kaja kanali katatupa, kongotsala masiku atatu kapena anayi.

“Aka kasiyeni, amayi. Kali m'nyumba, mazenera ngotseka. Kamasule, mukaone, tidzawotche Lamlungu likubwerali. Sindiuza munthu.”

Mayi Eulogia anakhala pampando, chitini chili pamiyendo. Ankafunitsitsa kuvomera.

“Ayi, mwananga. Ine ndimadzidziwa. Ndikangoliona duwali ndidzafuna kuona njere zake. Ndikaona njere, imodzi idzagwera m'epuloni. Mudzandipeza ndikukunamizani.”

Anazula chomeracho okha. Koma ali pakhomo pa mbaula dzanja linakana, ndipo anapempha Yanina kuti awapatsire magalasi awo. Anapita pazenera powala, n'kung'amba kamutu kaja ndi chikhadabo pang'onopang'ono, kuti mwina aone mtundu wake. M'kati munali timasamba topindana, tonyowa, totuwa, tisanasankhe n'komwe mtundu. Anatitembenuza uku ndi uku, kenaka anafunsa mpongozi wawo ngati iye ndi maso ake achitsikana akuonapo kanthu. Yanina anayang'anitsitsa, n'kupukusa mutu.

“Chabwino,” anatero mayi Eulogia. “Tsegulani mbaulayo.”