Aroma Ankamva Chifuwa Kuseri kwa Khoma

Loweruka, pakati pa Febuluwale

Ndadzuka ndi mantha omwe ndinagona nawo, ndipo mapewa akundiwawa chifukwa chonyamula amayi. Ndisanasukusule n'komwe ndinakaima pakhomo pa chipinda chawo kuti ndimve ngati akupuma.

Dzulo nditaweruka kusukulu ndinawapeza ali pansi m'bafa. Anagwa m'mawa nditangochoka, foni yawo ili pabedi. Tsiku lonse anakhala pamatailosi ozizira atafunda thaulo. Akuti anaitana mpaka mawu anasasa. Timakhala m'zipinda zapansi pa nyumba ya eni kuno kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Oshawa, ndipo eni akewo amalawirira kuntchito. Kawindo kathu katsekeka ndi chipale chofewa. Akanamva ndani?

Amayi amagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwezi watha anaterereka pa ayezi akudikira basi, nathyoka fupa la m'chiuno. Kuchipatala anawachita opaleshoni n'kuwatulutsa, ndipo namwino amabwera masiku ena, kanthawi kochepa. Nthawi yotsalayo ndi ine. Namwinoyo atawapima dzulo madzulo anati fupa silinasunthe, koma potuluka anandiuza kuti asamatsalenso okha masana. Ndinavomera ndi mutu. Sindinamuuze kuti palibe wina. Lolemba likafika, mwina ndisiye amayi okha, mwina ndisiye sukulu.

Lolemba lomwelo ndiyenera kuima patsogolo pa kalasi ya mbiri yakale, kufotokoza m'mene Chikhristu chinafalikira pakati pa Aroma. Mutuwu ndinausankha ndekha poganiza kuti ndi wophweka, poti ndinakulira m'tchalitchi. Ndinkadziwa za mikango ndi za alaliki olimba mtima. Aphunzitsi anati ndifufuzenso zinthu wamba, zimene munthu wogulitsa mafuta pamsika akanaziona ndi maso ake.

Zimene ndinapeza zandisowetsa mtendere. Poyamba Akhristu analibe matchalitchi, ankasonkhana m'nyumba za anthu, ndipo ambiri ankawakayikira chifukwa chokana kupereka nsembe kwa milungu ya mzinda. Kenaka kunagwa miliri. Amene anali ndi kothawira anathawa, ena n'kusiya abale awo akubuula. Akhristu ambiri anatsala. Analibe mankhwala. Ankangomwetsa odwala madzi, kuwadyetsa, kuwasambitsa, ndi kuika m'manda amene amwalira, ngakhale osakhala a mpingo wawo. Ena mwa iwo anafa nayo nthendayo. Nanga munthu amene wadzuka pamphasa, akudziwa dzanja limene linamumwetsa, angamvenso mabodza onena za anthuwo? Ndinawerenganso kuti pambuyo pake mfumu ina ya Aroma, yodana ndi Chikhristu, inadandaula kuti anthuwa akudyetsa ndi amphawi omwe a chipembedzo chake.

Sabata yatha ndinafunsa aphunzitsi kuti Akhristuwo ankadziwa bwanji kuti m'nyumba yakuti muli matenda. Anati amphawi a ku Roma ankakhala mothinana, m'nyumba zosanjikizana, chipinda ndi chipinda, ndipo madzi ankatunga pamodzi. Munthu akatsokomola, mnzake ankamva kuseri kwa khoma.

Ndinakumbuka ku Kawale ndili wamng'ono. Amayi atadwala malungo, sanaitane munthu. Anangosowa pampopi m'mawa, ndipo dzuwa lisanakwere amayi oyandikana nafe anali atadzaza pakhonde, wina akusesa, wina akundisambitsa. Kwathu wodwala sapempha kuti azondedwe. Amayi akudikirabe mwambo umenewo, koma kuno khoma ndi lochindikala, ndipo munthu safika pakhomo asanaimbe foni.

Si kuti tilibe anthu. Ku Etobicoke kuli mpingo wathu wa Amalawi ndi a ku Zambia, ambiri anamwino ndi osamalira odwala. Tinasiya kupitako chaka chatha. Bambo atatichokera, amayi anauza mayi mmodzi yekha mwachinsinsi. Lamulungu lotsatira mayiyo anaimirira nati tipempherere banja lakutilakuti, n'kufotokoza zonse, mpaka za mkazi amene bambo anapita naye. Anthu anatsinzina, koma makutu anali tcheru. Tikubwerera m'sitima amayi analumbira kuti sadzakhalanso mutu wa pemphero.

Pali anti amodzi a ku Chipata amene sanasiye kutiimbira. Si abale athu, koma ndiwo anatilandira pabwalo la ndege, ndipo jekete langa loyamba linali la mwana wawo. Anaimba Lamulungu lapitali, ine ndikusintha nsalu zapabedi.

"Mwasowa maningi, amake mwana! Mwalowa mpingo wa azungu kapena?"

"Iyayi, mashifiti awa," amayi anatero, akuluma mlomo ndi ululu. "Tili bwino ndithu."

"Nanga dokotala wathu wa mawa akukhoza kusukulu?"

"Akukhoza, kungoti kudya kwambiri."

Anaseka onse awiri. Foni itaduka, amayi anapukuta misozi ndi ngodya ya pilo.

Lero masana, nditawakhazika pampando ndi kuwapatsa tiyi, ndinawawerengera zimene ndalemba, ngati ndikungoyeserera za Lolemba. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Walemba bwino," anatero. "Koma usandizungulire, mwana iwe. Ndinakubereka ndine."

"Amayi, ndiloleni ndiwauze anti."

"Aroma akowo anali ndi gulu la pafoni? Ukauza mmodzi m'mawa, pofika madzulo ndi ku Mzimba komwe amva kuti ndinagwa m'bafa."

"Nanga Lolemba mutsala ndi yani?"

"Ndi Mulungu."

"Dzulonso munatsala ndi Mulungu."

Mawuwo anangotuluka. Sindinawayankhepo chotero chibadwire. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Ndasambitsa anthu ambiri m'dziko muno," anatero motsitsa mawu. "Ndikudziwa m'mene timawakambira tikakhala pa tiyi. Sindifuna. Wamva? Ndakana."

Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, ndinapepesa, ndinalira. Ndinati ngati ndi choncho ndisiya sukulu mpaka achire. Apo ndiye anakwiya zenizeni. Anati sanawoloke nyanja kuti ine ndidzakhale wotaya mikodzo. Kusukulu ndipite, anthu ndisawauze, iwo asagwenso. Zitatu zonsezi akuzifuna pamodzi, ndipo ine sindikuona m'mene zingathekere.

Panopa agona, nkhope atalozetsa kukhoma. Foni yawo ndaimangirira pakansalu n'kuwakoleka m'khosi. Ndikuopa. Anti aja akhoza kulakwitsa ngati mayi uja, ndipo amayi sadzandikhulupiriranso. Koma ndikatseka maso ndikuona thaulo lija ndi milomo yawo youma.

Ndalingalira kuti ngati khoma silitulutsa mawu, wina ayenera kuwanyamula. Mawa mayi eni nyumba a pamwambapa sapita kuntchito, ndiye ndiwapempha kuti azitsika kudzawaona amayi. Amayi ndiwauza kumene ndikupita, sindinama. Ndikwera sitima yam'mawa, kenaka basi ya ku Etobicoke. M'mapemphero sindilowa. Ndikadikira anti panja, ndikawatengera pambali, ndipo ndikawauza kuti dzina la amayi lisatchulidwe kutsogolo, koma Lolemba m'mawa pakufunika munthu wodziwa kunyamula wodwala.