Chiswamphika pa Mtsuko wa Amayi

Dzulo potsegula zenera ndinapeza chiswamphika chili pa katani, chitapinda manja ngati chikupemphera. Pomwepo fungo la fodya wofota m'chigafa linandibwerera m'mphuno, chonsecho ndili m'tauni.

Tinali matenanti pa esiteti ina kufupi ndi malire a Zambia, chaka chija anthu ankavotera matipate. Amayi anali ndi mtsuko umodzi wokha, woumba malemu amayi awo kwathu ku Phalombe. Madzi ake ankazizira mpaka m'mano.

Tsiku lina masana tikusoka fodya, ludzu linandigwira. Pakamwa pa mtsukowo ndinapeza chiswamphika chobiriwira, chikutafuna kachiwala mosapupuluma. Ndinavula patapata.

"Iwe, usayerekeze!" anakuwa amayi. "Ukachipha chimenecho, mtsuko wangawu usweka. Wina ndikautenga kuti? Mwini kuumba ali m'manda."

Abambo anaseka ali m'chigafa. "Amake mwana, zimenezo n'zachikale. Komabe chisiyeni, ndi tenanti mnzanga ameneyo. Amandidyera mbozi m'munda."

"Nanga ine ndimwa chiyani?" ndinafunsa.

Amayi anasiya singano, nadzagwada pafupi ndi mtsuko. Anatambasula dzanja lawo lakuda bii ndi utomoni wa fodya. Chiswamphika chinaleka kutafuna, n'kutembenuza kamutu kake, maso ali pa iwo.

"Pepanitu alendo," anatero amayi motsitsa mawu, monga ankalankhulira ndi akapitawo a pa esiteti. "Tasunthaniko pang'ono. Mwanayu ali ndi ludzu."

Chinakweza mwendo umodzi, n'kuponda pa chala chawo.