Christobel, Mayi Wogona Kuphiri

Christobel wa ku Biriwiri ndi mayi wamfupi, woti mukamupeza pamsewu akugulitsa kabichi simungamuyang'ane kawiri. Koma akavala thalauza m'kati mwa chitenje n'kubereka chikwama chake chachikulu, ngakhale anyamata a kabaza amamupatukira.

Ntchito yotsogolera alendo kuphiri inachita kumupeza. Mwamuna wake atamwalira, iye ankakwera kukazula bowa ndi kutola masuku. Tsiku lina anthu a ku Lilongwe okonda kuyenda m'mapiri anaima pamsika n'kufunsa wodziwa njira. Amuna onse anayang'ana pansi, poti phirilo amangolilozera patali. Christobel anasiyira mnzake kabichi n'kuwatsogolera. Kuyambira pamenepo, chilimwe chilichonse amakwera ndi magulu, kugona nawo m'matenti, n'kutsika mapazi atatupa koma mtima uli m'malo.

Pamudzi milomo siisowa ntchito. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mkazi wamasiye wogona kutchire ndi amuna achilendo sangakhale wolongosoka. Christobel sankazisamala, mpaka misecheyo inagwera mwana wake Chifuniro, yemwe ankayembekezera chinkhoswe ndi Allan wa ku Mlangeni. Mayi ake a Allan, a Janeti, anaimitsa zonse. Anati sangalandire mpongozi woleredwa ndi mayi wotero. Chifuniro analira, n'kupempha mayi ake kuti phirilo alisiye.

Zinamuwawa kwambiri Christobel. Kusiya kukanakhala kuvomereza bodza, koma kuumirira kukanapha banja la mwana wake lisanayambe n'komwe. Anakwera minibasi ya ku Mlangeni, n'kukapeza a Janeti akusankha mbatata ya kachewere pakhonde.

"Mayi, zongomva zakwana," anatero Christobel atapereka moni. "Loweruka ndili ndi alendo. Tiyeni mukaone ndi maso anu."

"Ineyo? Ndizikakwera miyala ngati nyani?"

"Mukakalephera ndikakuberekani."

Mawu omalizawa ndi amene anagwira ntchito, chifukwa a Janeti si munthu wouzidwa kuti angalephere. Loweruka anatulukira atavala jombo zobwereka, nkhope ili ndwii.

Anakwera ali tcheru, kufunafuna chokanena kumudzi. Anaona Christobel ali patsogolo, akucheuka pafupipafupi kuti wina asatsalire. Anamuona akubweza bambo wina wamimba yaikulu kuti akatole botolo limene anataya, bamboyo n'kupita mwakachetechete. Atafika pakasupe, Christobel anakhoma matenti, aamuna uko, aakazi kuno, anathamangitsa anyani ofuna kuba buledi, anaphika, kenako anathowa bondo la mtsikana wina amene anaterereka. Dzuwa lisanalowe anabwera ndi madzi ofunda, n'kugwada kuti athowe mapazi a a Janeti, omwe jombo zija zinali zitawatulutsa matuza. A Janeti anafuna kukana, koma mapaziwo anavomera okha. Awiriwo anagona tenti imodzi, ndipo chochititsa manyazi chokha chimene a Janeti anapeza n'choti Christobel amaliza mkonono.

M'mawa anamaliza chitunda chotsala. Nkhungu itachoka, dziko linaonekera lonse: minda ya ku Mozambique mbali iyi, madimba a ku Biriwiri mbali iyo, msewu wa tala uli ngati ulusi. A Janeti anabadwira m'munsi mwa mapiri amenewa n'kukalambira momwemo, koma kwawo anali asanakuonepo chonchi. Anakhala pamwala n'kumangoyang'ana. Christobel anayamba kumanga zikwama, mtima uli m'mwamba poganiza za Chifuniro.

Potsika anafika pathanthwe loterera. Alendo anadutsa chokhala pansi. A Janeti anaima pamwamba pake n'kutambasula dzanja.

"Asewere, tandigwirani."

Asewere ndi dzina loitanirana anthu amene ana awo akwatirana, ndipo a Janeti anali asanalitchulepo. Christobel analigwira dzanjalo mwamphamvu, misozi ili lengelenge, ananyada ngati kuti phiri lonselo ndi lake.

Chinkhoswe chinachitika mvula isanagwe. Mayi wina wokhala kumbuyo atayamba kung'ung'udza za kugona m'matenti kuja, a Janeti anacheuka, n'kumufunsa mokweza ngati analikwerapo phirilo. Christobel anamva ali kutsogolo, akukonza mpango wa Chifuniro, ndipo sanacheuke.